Ka Lifiti Kokwera Ngati Sizasi: Musanakwere, Funsani Amene Akutsitseni

Inu amene mumakwera basi ya ku Chipata, mukawoloka mlatho wa Luangwa n'kumaliza mapiri aja okhotakhota, tsiku lina tayesani kuika foni m'thumba n'kuyang'ana pa windo. Kuyambira pa Nyimba mpaka pa turn-off ya Petauke muona njerwa, malata ndi simenti paliponse. Uku akumanga shopu, uku filling station, uku loji, uku makalasi atsopano. Nkhani ya CDF mukuidziwa: mu 2021 constituency iliyonse inkalandira K1.6 miliyoni, mu 2022 ndalamayo inalumpha kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 inali pa K36.1 miliyoni. Onjezani ndalama za amalonda ndi za alimi akagulitsa nshawa, soya ndi thonje. Mupeza kuti matauni awiriwa asanduka saiti.

Nyumba zikamatalika, zida nazo zimasintha. Denga la shedi yosungiramo chimanga, chidenga cha pa filling station, bilibodi ya m'mbali mwa mseu, malaiti a mu holo, zonsezi sizifikika ndi makwerero a matabwa. Apa ndi pamene kontrakita amaimba foni ku Lusaka kuti amutumizire scissor lift pa lole. Kwa amene simunakaonepo, ndi kangolo ka mawilo 4. Pamwamba pake pali khonde la zitsulo loimapo anthu, pakati pali zitsulo zopingasa zimene zimatambasuka monga sizasi. Mukadina batani, khonde limakwera molunjika, mwakachetechete, opanda ndi thukuta lomwe. M'nkhani ino tizingoti ka lifiti.

Ndinene poyambirira kuti ka lifiti si mdani. Mukakayerekeza ndi migolo iwiri yoyalapo thabwa, kapena sikafodi ya ma gum pole yomangidwa ndi waya ndi misomali yopindika, makina awa ndi chitukuko chenicheni. Vuto ndi lakuti makina amakwera lole kubwera kummawa, koma maphunziro ake nthawi zambiri amatsala kumene anachokera.

Anthu anayi amene mumawadziwa kale

Woyamba ndi mnyamata wa pisiweki. Anamaliza Grade 12, nchito yokhazikika palibe, ndiye m'mawa uliwonse amaima pa geti ya saiti. Ndi wochangamuka, foni amaidziwa kuposa aliyense, ndipo chifukwa cha ichi ndiye amasankhidwa kuti agwire ka joystick. Kwa iye ndi promotion. Asanakhome ndi msomali umodzi, selfie yapita kale pa status.

Wachiwiri ndi ba foromani. Si munthu woipa. Koma makina abwerekedwa, amalipiridwa pa tsiku, ndipo lole yowatenga ili m'njira. Mumumva: "Iwe, kwela chabe, ni easy monga game ya pa foni. Mailo ka machine kabwelela ku Lusaka, manje ufuna tiyambe sukulu apa?"

Wachitatu ndi mwini kontrakiti. Ameneyu pa saiti saonekaoneka, amapezeka pa WhatsApp. Funso lake ndi limodzi: "Mwafika pati?" Sanafunsepo kuti amene ali pamwambayo anaphunzira kuti.

Wachinayi ndi amai ogulitsa nthochi kapena vitumbuwa amene ayala malonda awo mumthunzi wa chipupa chatsopanocho, mwana ali pambali akusewera. Iwo sali pa payroll ya munthu, chisoti alibe, ndipo palibe anawauza kuti chinthu chaima pafupi nawocho chimalemera kuposa tani imodzi.

Tsiku loipa likafika, anthu anayiwa saluza mofanana. Sungani mfundo imeneyi, tibwererako.

Nthaka ya kwathu siinapangidwire mawilo awa

Tiyeni tikambe manambala pang'ono, osathawa. Ka lifiti kakang'ono ka batire, monga Genie GS-1930 kamene kamapezeka m'maiko ambiri, khonde lake limakwera pafupifupi mamita 6, koma m'lifupi mwake ndi masentimita 76 chabe. Ndi chinthu chachitali choima pa phazi lopapatiza. Opanga anakapangira simenti yosalala ya m'mafakitale ndi m'ma mall. Makina ambiri a mtundu uwu amayamba kulira alamu akangopendekera cham'mbali ndi digiri imodzi ndi hafu. Ndi maso simungaone n'komwe kupendekera kumeneko, koma pamtunda wa mamita 8 kumasuntha khonde ndi masentimita opitirira 20 kuchoka pakati.

Manje ganizirani saiti ya ku Petauke kapena ku Nyimba. Pansi pali dothi lothira dzulo, ngalande ya paipi yokwiriridwa ndi fosholo, dzenje la soakaway lovundikira ndi silabu yopyapyala, zidutswa za njerwa, ndi chulu chimene anangochisalaza. Mvula ikayamba mu November, nthaka imene inali gwa mu October imafewa mkati pamene pamwamba ikuoneka youma. Wilo limodzi likatitimira masentimita ochepa munthu ali m'mwamba, nkhani yatha. Makina sapendekera pang'onopang'ono kuti mupeze mpata woganiza. Amagwa monga mtengo wodulidwa.

Alipo makina ena a dizilo, a matayala akuluakulu ndi miyendo yotsikira pansi, opangidwira nthaka yokumbikakumbika. Koma ndi odula kubwereka ndi kunyamula, ndiye amene akuwerenga ngwee amatenga kakang'ono ka m'nyumba n'kukatulutsa panja. Alamu ikayamba kusokosa, pamapezeka katswiri wina wa mawaya amene amati aizimitse kuti nchito iyende. Alamu ija ndiye mnzanu yekhayo pa saiti amene saopa ba foromani. Mukaitseka pakamwa mwatsala nokha. Kuika njerwa kapena thabwa pansi pa wilo kuti makina awongoke n'chimodzimodzi, mwangonamiza makina, nthaka simunaisinthe.

Mphepo ya August

Kummawa kuno mphepo timaidziwa. August ndi September fumbi limalowa mpaka mu nsima, ndipo October akatentha, kamvuluvulu amangobuka pabwalo n'kunyamula mapepala ndi malata osakhoma bwino. Makina ololedwa kugwira nchito panja ambiri malire awo ndi mphepo ya makilomita 45 pa ola. Ena ndi a m'nyumba basi, sayenera kukumana ndi mphepo iliyonse. Zimenezi zinalembedwa pa kachitsulo kokhomedwa pa makinawo, koma ndani amawerenga?

Ku America, pa 27 October 2010, mnyamata wa zaka 20 wophunzira pa yunivesite ya Notre Dame anakwera scissor lift kuti ajambule vidiyo ya timu ya mpira ikuchita training. Anakwera pafupifupi mamita 12. Tsikulo mphepo inkaomba mpaka kupitirira makilomita 80 pa ola. Makina anagwa, mnyamatayo anamwalira, ndipo boma la Indiana linalipiritsa yunivesiteyo faindi. Onani bwino: awa sanali malo osauka, makina sanali a kaunjika, ndipo mnyamatayo sanali womanga nyumba. Anali wa kamera. Inu anzanga a ma vidiyo, ojambula maukwati, omangirira malaiti ndi ma speaker pa show, nkhani iyi ndi yanunso. Promoter akakupatsani ka lifiti kuti mukweze banner dzuwa lisanalowe, mphepo siifunsa kuti ndinu wa entertainment.

Chinanso, mphepo ya pansi ndi ya m'mwamba n'zosiyana. Pansi mwatetezedwa ndi chipupa, mukangodutsa denga mukumana nayo yonse. Ndipo mukanyamula lata, silingi bodi kapena nsalu ya bilibodi pa khonde, mwaikira makina tanga ngati bwato. Mphepo imene ikanangokuphulitsani shati imakankha makina onse.

Waya wa malaiti sachita kukhudzidwa

M'matauni athu mawaya a ZESCO amayenda m'mbali mwa mseu, pomwe aliyense akufuna kumanga shopu. Ena ndi a 11kV, ena 33kV. Malaiti amphamvu chonchi amatha kulumpha mpata n'kufika pa chitsulo musanakhudze waya n'komwe. N'chifukwa chake malangizo a bungwe la OSHA, loona za chitetezo cha anchito ku America, amati mukhale kutali ndi waya mamita osachepera 3. Ndipo mamita 3 amenewo muwerengere ndi chimene mwagwira m'manja. Paipi, lata kapena ndodo ya rola ya penti zimakufikitsani pa waya thupi lanu lili kutali.

Pali bodza limene linakula mu 2024, chaka chimene chilala chinaphwetsa Kariba ndipo load shedding inatenga maola ambiri a tsiku. Anthu anazolowera kunena kuti "malaiti yaenda, waya ilibe moto". Waya wozima chifukwa cha load shedding angayake mphindi iliyonse popanda kukuchenjezani. Komanso masiku ano jenereta ndi ma inverter a sola ali m'nyumba zambiri, ndipo olumikizidwa molakwika amabweza moto mu waya umene onse akuti ndi wakufa. Waya wakufa ndi umene a ZESCO auzimitsa, autsimikiza, ndipo akuuzani okha. Matayala a makina musawadalire, sanapangidwe kuti akutetezeni ku 11kV.

Zikachitika kuti makina akhudza waya, amene muli pansi musathamangire kukagwira makinawo kapena kukoka mnzanuyo. Chitsulo chonse chimakhala ndi moto, ngakhale nthaka yozungulira. Thamangitsani anthu apite kutali, imbirani ZESCO ndi 993 ya ozimitsa moto. Mtima wofuna kuthandiza ndi umene umasandutsa maliro amodzi kukhala awiri.

Matumba awiri a simenti ndi anyamata awiri

Ka lifiti kakang'ono kaja kamanyamula makilogalamu 227 basi, kuwerengera anthu, zida ndi katundu. Chitani samu: anyamata awiri a makilogalamu 70 aliyense ndi 140. Onjezani matumba awiri a simenti a makilogalamu 50. Mwafika 240, mwadutsa kale malire musanaike ndowa ya madzi. Koma pa saiti ka lifiti kamasanduka wilibala ya m'mwamba, chifukwa ndani akufuna kukwera ndi kutsika maulendo 10?

Kenako pali kusafikira. Khonde lakwera mpaka pothera, bauti yatsala chikhato chimodzi. Apa ndi pamene mnyamata wathu amaponda chitsulo chapakati cha mpanda, kapena kuika ndowa ya penti, kapena makwerero, pamwamba pa khonde. Mpanda wa zitsulo uja umateteza munthu amene mapazi ake onse ali pansi pa khonde. Mukakwera pa ndowa, mpanda umakufikani m'mawondo, ndipo m'malo mokugwirani umakupingani kuti mugwe chamutu. Kageti kolowera nakonso katsekedwe nthawi zonse, osati kumangidwa ndi waya kuti kakhale kotsegula.

Kugwa kuchokera pa mamita 6 kumatenga sekondi imodzi ndi pang'ono, ndipo mumafika pansi pa liwiro la pafupifupi makilomita 40 pa ola. Pa mamita 10 ndi makilomita 50 pa ola. Yerekezani kugundidwa ndi minibasi pa liwiro limenelo, koma mutu uli patsogolo. Chisoti chopanda lamba wa pachibwano chimachoka musanafike n'komwe.

Ngozi ina siichita phokoso. Munthu akukweza khonde maso ali pansi, mutu kapena chifuwa n'kupanikizika pakati pa mpanda ndi chitsulo cha denga. Thupi likagwera pa joystick makina amapitiriza kukankha, ndipo munthu wopanikizika pachifuwa sangakuwe. Pansi napo zitsulo za sizasi zija zikamatsika zimadula chilichonse chili pakati: dzanja la makanika amene sanaike chitsulo chotchingira, kapena la mwana wa amai a nthochi amene wapeza malo abwino obisalira. Mu 2016 OSHA inachenjeza kuti m'chaka chimodzi chokha inafufuza imfa 10 ndi kuvulala kwa anthu opitirira 20 pa makina amenewa, ndipo inati zonsezo zikanapeweka. Kumeneko n'kumene kuli ma inspector ndi maphunziro. Nanga kumene munthu amaphunzira m'mphindi 5 pa geti?

Ndani akutsitseni?

Funso ili ndi limene limasiyanitsa saiti yadongosolo ndi ya mwayi. Ka lifiti kalikonse kali ndi mabatani ena pansi, komanso kachogwirira kotsitsira khonde pa ngozi ngakhale batire itafa. Koma zimenezi zimafuna munthu wapansi amene akudziwa pamene zili ndipo anayesapo. Pa masaiti ambiri amene amadziwa makina ndi mmodzi, yemweyo ali m'mwambayo. Akakomoka ndi dzuwa la October, kapena batire ikathera m'mwamba chifukwa usiku malaiti kunalibe ndipo sinachajidwe, otsala pansi amangoyang'ana kumwamba n'kumajambula. Wina amayamba kutsetsereka pa zitsulo za sizasi, chimene ndi njira yachidule yopita ku chipatala.

Ndipo chipatala chili pati? Nyimba ili ndi chipatala cha boma, Petauke ili ndi Kalindawalo General Hospital ndi chipatala cha boma cha pa boma, ndipo pali Minga Mission. Anamwino ndi madokotala kumeneko amagwira nchito yaikulu. Koma kuvulala kwa ubongo kapena kwa msana nthawi zambiri kumafuna akatswiri a ku zipatala zazikulu, ndiye wodwala amatumizidwa ku St Francis ku Katete, ku Chipata Central, kapena ku UTH. Kuchokera ku Petauke kupita ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 400, kudutsa mapiri omwe aja a Luangwa. Munthu wogwa pa saiti ya ku Lusaka ali pafupi ndi UTH. Wogwa ku Nyimba ali ndi ulendo wa maola. Kugwa n'kumodzi, mwayi wopulumuka ndi wosiyana.

Chonde, mnzanu akagwa musamunyamule manja ndi miyendo ngati thumba, musamukhazike tsonga, ndipo musamukweze pa honda pakati pa anthu awiri. Fupa la khosi likasweka, kumupinda kumeneko n'kumene kumamaliza kudula mtsempha, munthu n'kukhala wosayendanso moyo wake wonse. Mugwireni mutu usagwedezeke, itanani thandizo, ndipo ngati palibiretu njira ina koma kumunyamula, mugonekeni chowongoka pa chitseko kapena thabwa lalikulu, anthu angapo akunyamula pamodzi.

Lamulo lilipo, koma limafika pa geti?

Musaganize kuti Zambia ilibe malamulo pa nkhaniyi. Lamulo la Occupational Health and Safety la mu 2010 linaika udindo pa olemba nchito kuti malo ogwirira nchito akhale otetezeka, apereke maphunziro ndi zovala zodzitetezera, komanso kuti pamene pali anchito 10 kapena kuposa pakhale komiti yoona za chitetezo. Palinso Factories Act imene imakhudza nchito zomanga. National Council for Construction, NCC, imalembetsa makontrakita m'magiredi 1 mpaka 6. Lamulo la Workers' Compensation la mu 1999 limafuna kuti wolemba nchito alembetse ndi kulipira ku Workers' Compensation Fund Control Board, kuti wanchito akavulala alandire thandizo la chipatala ndi chipepeso, ndipo akamwalira banja lake lithandizidwe. Ndalama imeneyo amalipira ndi bwana, siidulidwa pa malipiro anu. Mu 2013 dziko lathu linavomerezanso pangano nambala 155 la ILO, limene limati wanchito amene wachoka pa malo chifukwa akuona ngozi yoopsa moyo wake asalangidwe.

Pa pepala zonse zili bwino. Koma bwererani kwa anthu anayi aja. Mwini kontrakiti akaluza, amaluza masiku ndi ndalama yokonzera makina. Ba foromani mwina aluza nchito, apeza ina ku Sinda. Mnyamata wa pisiweki dzina lake silili m'buku lililonse, amalandira m'manja Loweruka, ndiye tsiku la ngozi pamapezeka wina wonena kuti "uyu sitimuziba, anabwela chabe kuthandiza". Banja limapatsidwa thumba la ufa, bokosi ndi mawu akuti pepani. Koma pepani sapoletsa chilonda. Amai a nthochi ndiye alibiretu poyambira.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Amene amasankha makina otchipa, amene amakana kudikira kuti mphepo ileke, si amene amagwa. Malinga ngati ngozi ili yotchipa kwa bwana kuposa tsiku limodzi lobwereka makina, ka lifiti kazikwerabe pa dothi lofewa.

"Nanga nikakana, nizadya chani?"

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuwerenga uku mukuseka. Pa geti pali anyamata ena 20 amene akudikira kuti inu mukane. Kulangiza munthu wanjala kuti akane nchito n'kosavuta kwa amene wadya. N'chifukwa chake katundu uyu sayenera kusenzedwa ndi mnyamata yekha.

Ma council a Petauke ndi Nyimba ndi amene amavomereza mapulani ndi kupereka nchito za CDF. Palibe chimene chingawaletse kufunsa kontrakita, asanasaine, umboni wakuti analembetsa ku Workers' Compensation ndiponso wakuti woyendetsa makina okwera m'mwamba anaphunzira. Ma Ward Development Committee akamayendera mapulojekiti asamangowerenga njerwa, aziyang'ananso chimene anyamata aimapo. Amene amabwereketsa makina asamangotsitsa pa lole n'kupereka kiyi. Atumize munthu woti aonetse mabatani, alamu ndi kotsitsira pa ngozi.

Ndipo pali mwayi pano umene achinyamata sitikuuona. M'maiko ambiri woyendetsa makina awa amakhala ndi kadi ya bungwe la IPAF, yotchedwa PAL Card, imene imagwira nchito zaka 5, ndipo maphunziro ake ndi a masiku ochepa chabe. Kumigodi ndi pa masaiti a makampani akuluakulu, pepala la maphunziro otere ndi limene limatsegula geti. CDF ili ndi gawo la ma bursary a maluso, ndipo kummawa kuno tili ndi Ukwimi Trades ndi Chipata Trades pansi pa TEVETA. Bwanji osakankha ma councillor athu kuti maphunziro ogwira nchito m'mwamba alowe m'gulu la zimene bursary ingalipire? Mnyamata wa pepala amavuta kumuthamangitsa pa geti, ndipo mtengo wake umakwera.

Pakali pano, ngati mawa ba foromani akupatsani joystick, pali zinthu zimene mungachite popanda kukangana ndi munthu. Yendani wapansi njira yonse imene makina adutse, mukuponda ndi kuyang'ana maenje. Yang'anani kumwamba, muone waya ndi zitsulo. Werengani kachitsulo ka pa makina, muone makilogalamu ndiponso ngati ndi a panja kapena a m'nyumba. Onani ngati mafuta sakudontha ndipo matayala ndi athunthu. Yesani batani lofiira loimitsira muli pansi. Mukafuna kusuntha makina pa nthaka yosasalala, tsitsani khonde kaye. Zingani malowo ndi chingwe kapena migolo, ndipo muwapemphe mwaulemu amai aja kuti asendeze beseni. Pochaja batire fodya akhale kutali, chifukwa mabatire a asidi amatulutsa mpweya wogwira moto. Lembani m'foni masiku amene mwagwira nchito, jambulani chikwangwani cha saiti, ndipo wina kunyumba adziwe kumene muli ndi amene wakulembani. Tsiku lina umboni umenewo ndi umene udzakulankhulireni ku ofesi ya Labour.

Kukana nako kuli ndi kanenedwe. Simufunika kutukwana. Mungati: "Ba foromani, ka machine aka kakagwa, bazakulipilitsani ndimwe. Tiyembekeze mphepo isile, olo tiyambe mailo kuseni-seni." Munthu amene sakumva za msana wanu amamva za thumba lake. Ndipo musanadine batani lokwera, lozani munthu mmodzi pansi, mumutchule dzina, akuonetseni ndi dzanja lake pamene pali kotsitsira pa ngozi. Akakanda mutu, tsikani mumuonetse kaye. Safunsa anadya phula.

Inu amene simugwira nchito pa saiti, mbali yanu iliponso. Mukaona ka lifiti katakwera pafupi ndi shopu, dutsani kutali, mukoke ndi mwana. Ndipo m'bale wanu akaika selfie ali m'mwamba, chisoti chili pambali, waya ukuoneka kumbuyo kwake, musathamangire kuika ka emoji ka moto. Muimbireni foni madzulo, mumufunse kuti pansi panali ndani.